Stop loss imene inafera mu laputopu ku Chilomoni

Mizere inayi ya mu Journal

Pali mizere inayi ya mu Journal ya MetaTrader 4 imene yakana kuchoka m'mutu mwanga. MetaTrader 4 (MT4) ndi pulogalamu yotredera pa intaneti, ndipo Journal ndi kaundula wake wa zonse zochitika. Mizereyi inali pa laputopu ya mnyamata wina wa ku Chilomoni, amene anafika nayo Loweruka m'mawa, maso ali psuu chifukwa chosagona. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Achimwene, broker uja wandidyera ndalama. Loboti ili ndi stop loss ya madola 30, koma kwapita 200."

Broker ndi kampani imene imasunga akaunti yanu yotredera, loboti ndi kapulogalamu kotreda kokha, ndipo stop loss ndi lamulo lotseka oda kuluza kukafika penapake. Tinatsegula Journal. Mzere woyamba, 13:12, unali ping failed. Wachiwiri, mphindi yomweyo, connect failed, ndipo unabwerezabwereza mpaka 14:05 pamene batire ya laputopu inatha. Kuchokera apo kunali zii. Wachitatu, 18:47, login. Wachinayi, 18:47 yomweyo, oda yatsopano: buy 0.05 XAUUSD, kutanthauza kugula golide.

Linali Lachisanu loyamba la Okutobala. Amene amatreda golide akudziwa zomwe zimachitika 14:30 tsiku limeneli, America ikatulutsa NFP, lipoti la pamwezi la chiwerengero cha ntchito limene limagwedeza mitengo. Loboti inali itagula 0.05 lot m'mawa. Kwa ma broker ambiri lot imodzi ya golide ndi ma ounce 100, choncho 0.05 ndi ma ounce 5: mtengo ukatsika ndi dola imodzi, madola 5 apita. Loboti inauzidwa kuti itseke mtengo ukatsika ndi madola 6, ndiwo madola 30 aja. Koma magetsi anazima 13:12, rauta n'kuthima nthawi yomweyo. Mtengo unadutsa pa madola 6 popanda wouimika, ndipo pofika madzulo unali utatsika ndi 22. Magetsi atayaka, mwini wake anayatsa laputopu, loboti inadzuka, inayang'ana tchati n'kuona kuti ndi nthawi yogula. Inagulanso 0.05, osadziwa kuti oda yake yoyamba ikadali pamsika ikuchucha magazi. Mtengo unatsikanso ndi madola 9 mnyamatayo asanatseke zonse pamanja. Werengerani nokha: 31 kuchulukitsa ndi 5 ndi 155, kuphatikiza 45 ya oda yachiwiri, zakwana 200. Theka la akaunti ya madola 400.

Ndinamuloza pa Account History, pa danga la S/L, la stop loss. Panali 0.00. Mu Inputs, momwe mumakonzera kagwiridwe ntchito ka loboti, munali kamzere koti stop ibisike, ndipo kanali pa true. Broker sanabe kanthu. Stop loss ija sanaione n'komwe, chifukwa inali m'mutu mwa loboti, ndipo mutuwo unali mu laputopu yopanda netiweki.

Kuchokera tsiku limenelo, loboti iliyonse imene munthu andionetsa sindiyamba n'kuifunsa kuti imapindula zingati. Ndimayamba ndi funso ili: nditazula pulagi pompano, n'chiyani chitsale chikugwira ntchito?

Fodya wa pamphuno ndi wa pachala

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Pa MetaTrader, wa pamphuno ndi zimene zalembedwa pa seva ya broker. Oda yotseguka ili pa seva. Stop loss ndi take profit (lamulo lotseka oda phindu likakwana) zimene zikuoneka ndi manambala pa tabu ya Trade zili pa seva. Ma pending order, maoda odikira kuti mtengo ufike penapake, kaya buy limit kaya sell stop, pamodzi ndi nthawi yake yothera, ali pa seva. Zimenezi zimagwira ntchito ngakhale laputopu itagwera m'madzi.

Zina zonse ndi za pachala. Loboti yeniyeniyo, kusuntha stop kupita pa break-even (mtengo umene oda inatsegulidwira), kutseka theka la oda phindu likafika penapake, kuleka kutreda nthawi ya nkhani, kutseka zonse Lachisanu madzulo, kutseka zonse equity (ndalama za mu akaunti powerengera ndi maoda otseguka) ikatsika kwambiri: zimenezi zimayenda pa kompyuta yanu basi. Chimene chimadabwitsa anthu ambiri ndi trailing stop, stop yotsatira mtengo ukamayenda mokomera inu, ngakhale ija mumaika nokha ndi right-click pa oda. Iyonso ndi ya pa kompyuta. Terminal, ndiye kuti MetaTrader ya pa kompyutayo, ikazima, stop imatsala pamene inasunthidwira komaliza, ndipo ngati inali isanayambe kusuntha komanso simunaike stop ina, ndiye kuti palibe chilichonse.

Foni nayo isakunamizeni. Pulogalamu ya MetaTrader ya pa foni siyendetsa loboti. Ntchito yake ndi kukuonetsani zimene zili pa seva ndi kukulolani kutseka pamanja. Imeneyo ndi ntchito yaikulu ndithu, ndipo password ya akaunti iyenera kukhala yolowetsedwa kale m'fonimo lisanafike tsiku la tsoka. Ndi bwinonso kudziwa polowera pa web terminal ya broker wanu. Mu Sepitembala 2022 Apple inachotsa MT4 ndi MT5 (MetaTrader 5) pa App Store mpaka Malichi 2023, ndipo amene anagula iPhone yatsopano m'miyezi imeneyo anasowa pogwira.

Ogulitsa maloboti pa WhatsApp amakonda kuopseza kuti broker akaona stop yanu amaisaka, n'chifukwa chake yawo amaibisa. Ine maganizo anga ndi akuti ngati broker mukumukayikira chonchi, chotsani ndalama zanu, musamubisire stop. Koma ngati loboti yanu imafunadi stop yobisika, ikani ziwiri. Yobisika ikhale pafupi, mwachitsanzo pa madola 6, ndipo yeniyeni ya pa seva ikhale patsogolo pang'ono, pa madola 10. Kukula kwa lot muwerengere pa yakutaliyo, chifukwa ndi imene idzakulumeni tsiku lozima magetsi. Loboti ikakhala yogula, ya fayilo ya ex4 kapena ex5 imene simungaitsegule mkati, lembani kaloboti kachiwiri kamene ntchito yake ndi imodzi: masekondi angapo aliwonse kayang'ane maoda onse, kakapeza ya S/L ya ziro kaiikire stop. Kumbukirani kuti tchati chimodzi chimanyamula loboti imodzi yokha, ndiye kachiwiriko kakhale pa tchati chake.

Loboti yoiwala

Mzere wachinayi uja, oda yachiwiri ya 18:47, ndi umene umandiwawa kwambiri, chifukwa ndi vuto la mizere khumi ya code. Wolemba loboti anasunga nambala ya tiketi ya oda mu variable. Terminal ikatsekedwa, variable imafufutika. Podzuka loboti imaona ziro n'kuganiza kuti ilibe kanthu pamsika.

Loboti yolembedwa bwino sikhulupirira zimene ikukumbukira. Imafunsa seva. Isanatsegule oda iliyonse imawerenga maoda onse otseguka, pa MT4 ndi OrdersTotal ndi OrderSelect, pa MT5 ndi PositionsTotal, n'kusankha amene dzina la symbol ndi magic number zikufanana ndi zake. Ikapeza yake, imaitenganso n'kupitiriza kuisamalira. Magic number ndi chizindikiro ngati chija amalemba pa thumba la chimanga ku chigayo. Maloboti awiri pa akaunti imodzi akakhala ndi nambala yofanana, amatsekerana maoda. Maoda otsegula pamanja ali ndi magic ya ziro, choncho loboti yosiyidwa pa ziro imagwiranso maoda anu.

Zina zimene sizilembedwa pa oda, monga kuti lero yaluza kale kangati, zisungidwe mu fayilo kapena mu Global Variables za terminal, zija mumaziona mukadina F3. Dziwani kuti zimenezi zimafufutika zokha pakatha milungu inayi osazikhudza. Ndipo potseka maoda ambiri nthawi imodzi, loop iyambire ku oda yomaliza kubwerera ku ziro. Ikayambira kutsogolo, oda imodzi ikatsekedwa enawo amasendera, ndiye loop imadumpha ena n'kuwasiya pamsika.

Palinso kuiwala kwa mtundu wina, kumene netiweki yathu yodukaduka imabweretsa. Loboti yatumiza oda, seva yalandira n'kutsegula, koma yankho latayikira m'njira. Terminal imalemba error 128 pa MT4, kapena 10012 pa MT5, kutanthauza kuti nthawi yodikira yatha. Loboti yopupuluma imati zakanika n'kutumizanso, katatu kapena kasanu. Netiweki ikabwerera mumapeza maoda asanu m'malo mwa imodzi. Ikaona 128 kapena 10012 loboti iime kaye, idikire kuti kulumikizana kubwerere, iwerengenso maoda a pa seva, ndipo itumizenso pokhapokha yatsimikiza kuti yoyamba ija kulibe.

Magetsi, rauta ndi bandulo

Za kuzima kwa magetsi sindikuuzani chachilendo. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa pafupifupi 130 MW, komanso Freddy mu Malichi 2023. Chimene ambiri saganizira n'chakuti choyamba kufa si laputopu, ndi rauta. Ku Chilomoni kuja laputopu inakhala ya moyo mphindi 53, koma inali yogontha kuyambira mphindi yoyamba.

Rauta zambiri zimadya 12V, mphamvu yosapitirira ma watt 12. Ka mini UPS ka DC kolumikiza pakati pa adaputa ndi rauta kamathetsa vuto limeneli, bola muwerenge voteji ndi kukula kwa kapini musanagule. Pofuna kunyamula zonse, masamu ake ndi awa. Batire ya 12V 100Ah ili ndi 1,200Wh. Ikakhala ya lead-acid musaitsitse kupitirira theka, apo ayi siikhalitsa, ndiye zatsala 600Wh. Inveta imadyapo yake, tinene kuti zatsala 500Wh. Laputopu ndi rauta zikamadya ma watt 40, muli ndi maola 12. Mukalumikizapo TV ndi mababu a nyumba yonse, maolawo aiwaleni.

Mu Power Options za Windows, sleep ikhale pa Never, pa magetsi ndi pa batire pomwe, ndipo kutseka chivindikiro kukhale pa Do nothing. Nyengo yotentha ngati Okutobala laputopu isakhale pa bedi kapena pa khushoni, imatentha n'kuzima yokha. Ma SIM akhale a makampani awiri osiyana, wina mu rauta, wina mu MiFi kapena mu foni ya hotspot imene laputopu inailoweza kale kuti isamukire yokha. MetaTrader sidya data yambiri mukadina Hide All mu Market Watch n'kusiya ma symbol okhawo amene mukutreda. Chimene chimamaliza bandulo ndi Windows Update, ndiye ikani netiwekiyo kuti ndi metered connection. Tsiku lothera bandulo mulilembe pa khoma, chifukwa bandulo yotha pakati pa usiku ndi chimodzimodzi kuzima kwa magetsi.

VPS ili ndi misampha yake

Njira yeniyeni ndi kuchotsa loboti m'nyumba n'kuiika pa VPS, kompyuta yobwereka imene ili kunja ndipo sizima. Sankhani ya mzinda umene seva ya broker ili, nthawi zambiri London kapena New York. Dinani pakona ya pansi kumanja pa terminal muone ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerera. Kuchokera ku Blantyre imakonda kupitirira 150 ms, pomwe pa VPS yoyandikana ndi seva imatsika kufika pa manambala ochepa kwambiri. Kwa loboti yogwira oda maola ambiri kusiyanaku n'kopanda kanthu. Kwa ya scalping, yosaka ma pip atatu kapena anayi (pip ndi kasitepe kakang'ono ka mtengo), ndi pamene phindu limathera.

Msampha woyamba ndi potuluka. Mukamaliza pa Remote Desktop, tsekani windo ndi X basi. Mukadina Sign out, mapulogalamu onse amatsekedwa, loboti pamodzi. Wachiwiri ndi Windows ya pa VPS, imene imadziyambitsanso yokha ikamaliza update. Dinani Windows ndi R, lembani shell:startup, muikemo shortcut ya terminal, ndipo mukonze kuti makinawo azilowa okha mu akaunti ya Windows, apo ayi terminal imangodikira munthu pa chitseko. Ma update muziwachita nokha Loweruka, msika wa forex uli wotseka. Wachitatu ndi woopsa: kusiya loboti yomweyo ikuyenda kunyumba ndi pa VPS nthawi imodzi. Onse awiri amaona chizindikiro chimodzi n'kutsegula maoda awiri. Kunyumba lowani ndi investor password, yongoonera, imene singatsegule oda.

MetaTrader ili ndi VPS yakeyake, yobwereka kudzera pa right-click pa akaunti mu Navigator. Ubwino wake ndi wakuti mukasamutsa loboti, AutoTrading ya kunyumba imazima yokha. Koma salola maloboti ogwiritsa DLL (mafayilo a code a kunja kwa MetaTrader), simuona desktop, ndipo mukasintha Inputs kunyumba sizisintha uko mpaka mutasamutsanso.

Msampha wachinayi ndi wa kwathu kuno. VPS imalipiridwa m'madola, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, aliyense akudziwa kuti khadi likhoza kukana pa tsiku lolipira. VPS yosalipiridwa imazimitsidwa maoda ali pamsika. Khadi likadutsa lipirani miyezi itatu, ndipo ikani chikumbutso sabata imodzi tsiku lisanakwane. Malamulo otumizira ndalama kunja ali m'manja mwa Reserve Bank of Malawi, choncho funsani ku banki yanu zimene zikuloledwa musanatumize kanthu kwa broker kapena kwa a VPS. Muwerengerenso ngati n'zaphindu. Tiyerekeze VPS ndi madola 15 pamwezi: pachaka ndi 180, ndiye 45% ya akaunti ya madola 400. Loboti iyenera kupeza zonsezo musanaone tambala yanu.

Ikangokhala chete

Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti loboti yaikidwa koma sikutreda. Pa MT4 yang'anani kankhope pakona ya pamwamba kumanja kwa tchati, pa MT5 kachipewa. Pali maloko angapo ndipo onse ayenera kukhala otsegula: batani la AutoTrading, limene pa MT5 ndi Algo Trading, bokosi la Allow live trading mu properties za lobotiyo, ndi akaunti imene mwalowa ndi password yaikulu, osati investor. Mu Tools, Options, Expert Advisors muli mabokosi amene amazimitsa AutoTrading mukasintha akaunti kapena profile. Munthu amalowa pa demo, akaunti ya ndalama zoyeserera, kukayesa kanthu, n'kubwerera pa live ya ndalama zenizeni, osadziwa kuti loboti yagona kuyambira pamenepo.

Maloko akakhala bwino, yankho lili mu tabu ya Experts. Error 4109 pa MT4 kapena 10027 pa MT5 ndi maloko omwewo. Error 134 kapena 10019 ndi margin yosakwana, ndiye kuti ndalama za chikole chotsegulira oda zaperewera. Error 131 kapena 10014 ndi lot yolakwika: loboti yawerengera 0.037 pomwe broker amalola masitepe a 0.01, ndiye iyenera kudula kukhala 0.03, kutsitsa osati kukweza. Error 146 imabwera maloboti angapo akamalimbirana kutumiza nthawi imodzi pa terminal imodzi ya MT4. Idikire pang'ono n'kuyesanso.

Error 130, pa MT5 10016, ndi imene imadya anthu masiku. Imati stop ndi yolakwika, koma zifukwa zake ndi zingapo. Mwina stop ili pafupi kwambiri ndi mtengo kuposa Stops level ya broker, imene mungaione pa Specification ya symbol. Mwina loboti inalembedwera mitengo ya manambala anayi pambuyo pa kadontho, pomwe broker wanu ali ndi asanu: apo 20 amene wolemba ankati ndi ma pip 20 amasanduka ma pip awiri. Mwina mtengo sunadulidwe bwino ndi NormalizeDouble. Pa maakaunti ena a market execution, njira yodutsira ndi kutsegula oda yopanda stop kenako n'kuiika ndi OrderModify. Apa samalani kwambiri. OrderModify ikakanika, oda yatsala yamaliseche ngati ya ku Chilomoni ija. Loboti iyese kangapo, ndipo zikakanikabe itseke odayo pompo.

Pa MT5 palinso 10030, filling mode, njira yokwaniritsira oda, imene broker salola. Loboti yatumiza FOK (oda yonse kapena ayi) pomwe symbol imafuna IOC (gawo limene lapezeka basi). Ogwiritsa CTrade aike SetTypeFillingBySymbol, vuto latha. Onaninso ngati akaunti ndi ya hedging kapena netting. Pa netting symbol imodzi imakhala ndi position imodzi, ndiye sell imene loboti ikuti ndi oda yatsopano imangochepetsa kapena kutseka buy imene ilipo. Dzina la symbol nalo limasiyana: uyu XAUUSD, uyo GOLD, wina EURUSDm kapena EURUSD.pro. Loboti imene dzina linalembedwa mkati mwa code imangokhala duu.

Kuti musamadziwe mochedwa, ikani MetaQuotes ID ya pa foni yanu mu Tools, Options, Notifications, ndipo loboti izitumiza uthenga ndi SendNotification ola lililonse kuti ili moyo, equity ndi yakuti, maoda ndi angati. Uthengawu uchokere mu OnTimer, osati mu OnTick, pakuti OnTick imadzuka pokhapokha mtengo watsopano wafika. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti loboti yakufa singakuuzeni kuti yafa. Chizindikiro chake ndi uthenga umene sunabwere, ndiye ola likadutsa foni ili chete, tsegulani muone.

Wotchi ya seva

Malawi ili pa GMT+2 chaka chonse. Ma broker ambiri seva yawo imakhala pa GMT+2 kuyambira Novembala mpaka Malichi, n'kupita pa GMT+3 America ikasintha wotchi, Lamulungu lachiwiri la Malichi, mpaka Lamulungu loyamba la Novembala. Ndiye munthu amene anakonza loboti yake mu Januwale amaona nthawi ya pa tchati ikufanana ndendende ndi ya pa mkono wake, n'kuganiza kuti ndi mmene zimakhalira. Malichi akafika, tchati chili patsogolo ndi ola limodzi. NFP imene inali 15:30 kwathu imabwera 14:30. London imene inkatsegula 10:00 imatsegula 9:00, koma iyo imasintha Lamulungu lomaliza la Malichi, choncho pali milungu iwiri kapena itatu imene America yasintha koma Ulaya sanasinthe. TimeCurrent ndi nthawi ya seva, TimeLocal ndi ya kompyuta, ndipo pa VPS kompyutayo ikhoza kukhala pa nthawi ya London. Journal imalemba nthawi ya kompyuta pomwe Account History imalemba ya seva; mukamafufuza vuto musazisakanize.

Ola loti loboti izilipewa ndi la rollover, pamene tsiku la msika limatha, 17:00 ku New York, kumene kwathu ndi 23:00 kuyambira Malichi mpaka Novembala, ndi pakati pa usiku miyezi inayo. Spread, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, imatambasuka kangapo kwa mphindi zingapo, ndipo stop ya sell imagundidwa ndi mtengo wogulira, wa Ask, umene tchati sichionetsa. M'mawa munthu amayang'ana kandulo n'kulumbira kuti mtengo sunafikepo. Ikani malire a spread mu loboti, isatsegule kanthu spread ikapitirira, ndipo yatsani Show Ask line pa tchati. Lachitatu usiku swap ya forex, chiwongola dzanja chogoneka oda pamsika, imadulidwa ya masiku atatu. Strategy Tester ya MT4 siionetsa kutambasuka kumeneku chifukwa imagwiritsa spread imodzi yosasintha. Pa MT5 sankhani Every tick based on real ticks, ngakhale imachedwa.

Pamene ngakhale ya pa seva siigwira

Ndisakusiyeni mukuganiza kuti stop ya pa seva ndi khoma. Ndi lamulo loti oda itsekedwe pa mtengo woyamba umene wapezeka. Mtengo ukadumpha, monga msika ukamatsegula usiku wa Lamulungu kapena pa nkhani yaikulu, imatsekera kutali. Pa 15 Januwale 2015 Swiss National Bank inasiya kugwira EURCHF, mtengo wa euro pa franc ya ku Switzerland, pa 1.20, mtengo unagwa m'mphindi zochepa, ma stop anadumphidwa, anthu anatsala ndi ngongole kwa ma broker, ndipo Alpari UK inagwa. Mankhwala a zimenezi ndi lot yaing'ono basi. N'chifukwa chake maloboti a martingale, owirikiza lot akaluza, sindiwalola pa makina amene ndakonza. Yambani ndi 0.01, kenako 0.02, 0.04, pofika sitepe yachisanu ndi chitatu muli pa 1.28, ndipo zonse pamodzi ndi ma lot 2.55. Pa EURUSD amenewo ndi madola 25.50 pa pip iliyonse. Mu 2018 bungwe la ESMA la ku Ulaya linapeza kuti pakati pa 74% ndi 89% ya maakaunti a anthu wamba a CFD, otreda pa kukwera ndi kutsika kwa mitengo osagula katundu weniweni, amaluza. Kukonza zingwe ndi ma error kumangochotsa imfa zopewedwa, sikusandutsa njira yoluza kukhala yopindula.

Kuzula pulagi

Laputopu ya ku Chilomoni inabweranso Lachiwiri lotsatira, msika uli wotsegula, ndipo tinaiika pa demo. Tinazimitsa kubisa stop, tinaika kaloboti kolondera ma S/L a ziro pa tchati chachiwiri, n'kudikira kuti oda itseguke. Itatseguka tinayamba mayeso anayi amene tsopano ndimachita pa loboti iliyonse isanakhudze ndalama zenizeni.

Poyamba tinazula rauta pa khoma n'kuyang'ana pa foni, imene inali pa data yake, ngati S/L ili ndi nambala. Inalipo. Kachiwiri tinapha terminal ndi Task Manager, osati kuitseka bwinobwino, n'kuitsegulanso kuti tione ngati loboti izindikire oda yake. Apa inalephera: pasanathe sekondi inatsegula yachiwiri, monga inachitira Lachisanu lija. Popeza inali ya ex4, sitikanatha kuikonza mkati. Tinafufuza mu Inputs n'kupeza danga la chiwerengero cha maoda ololedwa nthawi imodzi, limene linali pa 5. Titaliika pa 1 n'kubwereza, sinatsegulenso ina, koma oda yakaleyo sinaisunthirenso stop, kusonyeza kuti imaiwerenga koma siitenga ngati yake. Kachitatu tinazula rauta pa mphindi imene kandulo yatsopano ikuyamba, pamene loboti imatumiza, kuti tione khalidwe lake pa error 128. Kachinayi tinayambitsanso Windows yonse manja ali m'thumba, kuona ngati terminal idzuke yokha, ilowe mu akaunti, kankhope kamwetulire.

Mnyamatayo anayang'ana foni yake nthawi yaitali, pa danga la S/L limene tsopano linali ndi nambala. Kenako anafunsa kuti, "Ndiye ikadzuka osaitenga oda ija, ndani aziisuntha stop?" Ndinamuuza kuti pa loboti imeneyi ndi iyeyo, pamanja, kapena apemphe wogulitsa ampatse fayilo ya mq4, ya code yotheka kusintha, kuti tilembemo mizere khumi ija. Anatumiza uthenga pompo. Pamene ankanyamula laputopu kukakwera minibasi ya ku Chilomoni, loboti inali ikadali pa demo, ndipo tinagwirizana kuti ikhala pomwepo mpaka itapambana mayeso achiwiri aja.